Kamera ya malume ili ndi maso awiri

Malume anamwalira mu 2018, koma sutikesi yawo yachitsulo inakhala chaka chathunthu pansi pa bedi la amayi ku Linga popanda woitsegula. Anali mtchona malumewo. Anapita ku Bulawayo ali mnyamata, anaphikira banja lina la azungu zaka zambirimbiri, ndipo anabwerera kuno ku Nkhotakota tsitsi litayera, akuyankhula Chichewa chothira mchere wa Chindebele. Tsiku lomwe tinaitsegula tinapezamo jekete lodyedwa ndi njenjete, buku la nyimbo, chitupa chakale, ndi zinthu ziwiri zolemera zokulungidwa m'thawulo.

Choyamba chinali kamera yakuda, yolemera ngati theka la njerwa. Nditakweza chivindikiro cha kutsogolo ndinaona magalasi atatu pamzere umodzi, awiri aakulu m'mbali ndi kamodzi kakang'ono pakati. Dzina lake linalembedwa poonekera: Stereo Realist.

"Icho n'chojambulira cha bwana wawo," anatero amayi. "Anawapatsa potsanzikana. Kuno sichinajambulepo ngakhale nkhuku."

Chachiwiri chinali kabokosi kakuda kokhala ndi timawindo tiwiri toikapo maso ndi batani lofiira pamwamba, pamodzi ndi tizithunzi toonekera kuwala tomangidwa tiwiritiwiri m'mafelemu. Mabatire anali ataola kalekale n'kusiya zoyerayera zija pazitsulo. Ndinapukuta ndi madzi a mandimu, ndinapala ndi kasandipepa, ndinagula mabatire awiri aakulu a tochi pagolosale. Nditadina batani lija, babu linayaka.

Sindidziwa kuti ndifotokoze bwanji kwa munthu amene sanayang'anemo. Si chithunzi chomwe mumachiona chili phwatalala papepala. Mumakhala ngati mwasuzumira pawindo. Munali khonde, tebulo lokhala ndi nsalu yoyera, kuseri kwake mnyamata wovala yunifomu yoyera atanyamula thireyi, kuseri kwa mnyamatayo mtengo wa maluwa ofiirira, ndipo pakati pa zonsezi panali mpata weniweni woti munthu n'kudutsapo. Ndinawapatsa amayi. Anayang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako ndinaona dzanja lawo lamanja likutambasuka pang'onopang'ono kutsogolo, kufuna kugwira.

"Achimwene awa," anatero. "Thireyiyo aigwetsa."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuwononga ndalama zanga pa chinthu chimenechi, ndipo mayi a kunyumba akhoza kuchitira umboni. Mnyamata wina amene amajambula maukwati kuno anandifunsa mwezi watha ngati makamera akale oterewa ndi odalirika, poti waona ina ikugulitsidwa pa intaneti. Ndinamuyankha mwachidule pamsewu, koma yankholo silinandikhutiritse ine mwini. Ndiye ndalemba pano.

Nzeru yake ndi yakale kuposa kamera yeniyeniyo. Maso athu atalikirana pafupifupi masentimita 6 ndi theka, choncho lililonse limaona dziko mosiyanako pang'ono ndi linzake. Ubongo ndi umene umaphatikiza ziwirizo n'kutiuza kuti ichi chili pafupi, icho chili patali. Charles Wheatstone wa ku England anafotokoza zimenezi mu 1838. Kamera ya maso awiri imangotengera pomwepo: imajambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi, china cha diso lamanzere, china cha lamanja. Realist anaitulukira ndi Seton Rochwite, ndipo kampani ya David White ya ku Milwaukee, ku America, inaipanga kuyambira 1947 mpaka 1971. M'zaka za m'ma 1950 inali fashoni ya anthu opeza bwino, mpaka Dwight Eisenhower, amene anakhalapo mtsogoleri wa dziko la America, ankayenda nayo. Bwana wa malume anali m'gulu la otengeka ndi fashoniyo basi.

Tsono za kudalirika. Kamera wamba ikakalamba imabisa ukalamba wake. Galasi likachita chifunga pang'ono, chithunzi chimangofewa, ena mpaka amati n'chokongola. Shata, kachitseko kamene kamaphethira kuti kuwala kulowe, ikachedwa pang'ono, chithunzi chimangowala mopitirirako, osindikiza amakonza. Kamera ya maso awiri ilibe pobisala. Ili ngati ng'ombe ziwiri pa goli limodzi: zikhoza kukhala zokalamba zonse, ngolo iyendabe, koma imodzi ikamatsalira ngolo imapita kutchire. Chimene muyenera kufunsa si chakuti ikugwira ntchito kapena ayi. Funsani ngati maso ake awiriwo akugwirizana.

Ndinaphunzira izi ndi mutu wanga, ndipo ndikunena mutu weniweni. Pa filimu yanga yachiwiri ndinajambula azimayi ogulitsa nsomba pa mlatho wa Chia. Chithunzi chilichonse pachokha chinali bwinobwino. Nditaziika pamodzi n'kuyang'ana, maso anayamba kukokana, misozi kutuluka, ndipo pasanathe mphindi ziwiri mutu unali ukuwawa cha m'mbali umu. Chithunzi chamanzere chinali chowala ndi chotuwa, chamanja chakuda bwino. Ubongo unkalimbana kuti ukhulupirire diso liti.

Kuno kulibe wokonza makamera a filimu. Ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawotchi pakhonde la sitolo pafupi ndi msika, kabokosi kake kagalasi kodzaza ndi malamba ndi mabatire. Anaitembenuza kangapo, anainunkhiza, anaika kagalasi kake kokulitsira zinthu padiso.

"Aphunzitsi, iyi wina anaitsegulapo kale. Onani tisikuluwu timeneti, mitu yake yaphwanyika. Anali wopupuluma ameneyo."

"Mungaithe, madala?"

"Mkati muli sipuling'i ndi magiya?"

"Basi zomwezo. Batire mulibe."

"Ndiye ndi wotchi imeneyo. Isiyeni, mubwere Lachisanu."

Lachisanu anatsegula chitseko cha kumbuyo, anaitsegula shata n'kuisiya chotsegula, anailozetsa kumwamba n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Timabowo tiwiri tolowera kuwala tinali tofanana ndendende. Anati poyamba kamanzere kanali kokulirapo, chifukwa amene anaitsegula kale uja anabwezera mphete molakwitsa dzino limodzi. Mkati mwa galasi lamanzere munalinso chuku, timizere toyera ngati ukonde wa kangaude, ndipo anachipukuta. Girizi wa zaka pafupifupi 70 anali atauma ngati phula, n'chifukwa chake ndikaitchera pa sekondi imodzi inkatha masekondi atatu ikulira ngati njuchi yotopa. Anatsuka ndi mafuta a laita, anadonthezera mafuta a wotchi ndi nsonga ya singano. Anandiletsa mwamphamvu kuti ndisadzayerekeze kuthiramo mafuta a makina osokera, poti akafika pa timasamba ta shata timamatirirana. Ndalama imene anandilipiritsa sinakwane n'komwe mtengo wa filimu imodzi.

Chiyambireni tsiku limenelo, makina a m'kati mwake sanandikhumudwitseponso. Chifukwa chake n'chosavuta: mulibe chilichonse chochita chokha. Ukajambula, umadina kabatani komasula filimu, n'kupota chopotera ndi dzanja. Shata umaikoka wekha ndi kachitsulo kali kutsogolo. Siyeza kuwala, umayeza ndiwe. Liwiro lake limayambira pa sekondi imodzi n'kulekezera pa 1/150 ya sekondi. Magalasi ake ndi a 35mm, f/3.5, ndipo sasuntha n'komwe. Ukamapota kawilo ka m'mbali kofunira kuti chithunzi chioneke bwino, chimene chimayenda ndi filimu m'katimo, kotero maso awiriwo sangasiyane poyang'ana mtunda. Rochwite pamenepo anaganiza. Poyang'anira pali pansi, osati pamwamba ngati makamera ena, choncho kamera imatsamira pachipumi. Masiku oyamba zimamveka zachilendo, koma imakhazikika bwino, sigwedera. Anyamata a kabaza amandiseka kuti ndikuchita kupemphera nayo.

Vuto lina linali kuwala kolowera m'mbali mwa chitseko cha kumbuyo, komwe anthu ambiri okhala ndi makamera amenewa amakudziwa. Kunkasiya kamzere kofiirira pa zithunzi za mbali imodzi. Pa kamera wamba ungati n'kokongoletsa. Pa iyi, diso limodzi limaona mzere, linzake osauona, ndiye umangophethiraphethira m'mwamba ngati chiphaliwali. Ndinaika ulusi wakuda wolukira majuzi mumpata wa chitseko, ndipo ndikaika filimu ndimamata tepi yakuda ya magetsi kuzungulira. Sizioneka bwino. Zimagwira ntchito.

Zimene zandipweteka kwambiri sizinachokere m'kameramo. Filimu yanga yoyamba, yamitundu, ndinaitumiza ku Lilongwe kokatsukitsa. Sindinaganize zowachenjeza. Kamera wamba imajambula chithunzi chotalika mabowo 8 a m'mphepete mwa filimu. Realist imajambula cha mabowo 5 okha, pafupifupi mamilimita 23 ndi 24, ndipo chamanzere ndi chamanja sizikhala moyandikana, pakati pake pamalowa zithunzi zina ziwiri. Filimu ya zithunzi 36 imatulutsa mapeya 28 kapena 29. Makina awo ankayembekezera zithunzi za masiku onse, ndiye anadula filimu yanga mmene anazolowerera. Lumo linadutsa pakati pa nkhope ya amayi. Mapepala amene anasindikiza, lililonse linali ndi chithunzi chimodzi ndi theka. Mnyamata wa pakauntala anandiuza mwaulemu kuti, "Bwana, kamera yanu ndi yowonongeka, ikujambula kawirikawiri." Sindinamukwiyire. Akanadziwira kuti? Tsopano ndikatumiza ndimalemba ndi zilembo zazikulu pa envelopu ndi pa kachitini komwe: MUSADULE.

Masiku ano ndimajambula kwambiri zakuda ndi zoyera n'kutsuka ndekha. Filimu ndi mankhwala amanditumizira msuweni wanga wa ku Johannesburg kudzera kwa anthu obwera pa basi, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023 ndimawerenga chithunzi chilichonse ngati mbewu ya m'chaka cha njala. Chipinda chamdima ndilibe. Ndimadikira usiku, ndimalowa pansi pa mabulangete awiri, n'kukulunga filimu pa chopotera chake mongopapasa, thukuta lili kamukamu. Magetsi akazima anzanga onse akudandaula, ine ndimathamangira kukatenga thanki yotsukira. Mankhwala amafuna madzi a madigiri 20, pamene madzi a pampopi kuno mu Okutobala amakhala ngati tiyi wozizirako. Ndimagula ayezi kwa a bizinesi ya nsomba n'kumaponyamo pang'onopang'ono ndikuyang'ana choyezera kutentha. Tsiku lina mayi a kunyumba anapeza jagi yawo yothirira thobwa ili ndi mankhwala, ndipo nkhani imeneyo tisaiyambe.

Filimu ikauma ndimaijambula ndi foni pawindo, n'kutembenuza kuti zakuda zikhale zoyera, n'kuika ziwiriziwiri pambali, n'kukasindikiza ku situdiyo. Choyang'anira mapepalawo ndinapanga ndi katoni ya sopo ndi magalasi owerengera amphamvu a pamsika. Samalani posanja: mukasinthanitsa chamanzere ndi chamanja, dziko limatembenuka. Ndinachitapo zimenezo, mapiri a kutali anabwera pamphuno, mwana wanga n'kumira m'katikati ngati dzenje looneka ngati munthu. Iye anaseka mpaka kugwa pansi. "Adadi, mwandikwirira!"

Zithunzi za bwana wa malume zija zinali za Kodachrome, ndipo mitundu yake idakali yowala ngati anajambula chaka chatha. Kodak inasiya kupanga filimu imeneyo mu 2009, ndipo malo omaliza oitsuka, ku Parsons m'chigawo cha Kansas, anasiya kumapeto kwa 2010. Ndiye pa zinthu zitatu za m'sutikesi muja, kamera idakali moyo, choyang'anira chidakali moyo, chimene chinafa ndi filimu yake.

Mdani wamkulu kuno ndi nyanja yomwe timaikondayi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi chinyezi chimalowa paliponse, nsapato zachikopa zimachita chuku m'kabati, nanji galasi. Kamera yanga imagona m'chitini chotseka bwino, m'mene ndinathiramo timapaketi toyamwa chinyezi tomwe timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala. Timapaketito ndimatiwamba pa chiwaya kamodzi pamwezi. Chikwama chake chachikopa ndinachichotsa, chikopa ndi nyumba ya chuku. Mwera ukayamba mu Juni vuto limasintha, umakhala mchenga. Kamchenga kamodzi kakalowa m'magiya umakamva popota. Ndiponso makina oterewa amadana ndi kugona. Lamlungu lililonse, ngakhale mulibe filimu, ndimaikoka n'kuidina pa liwiro lililonse kangapo, monga momwe munthu amalizira galimoto yoimikidwa.

Makamera ena ndimawadziwa powerenga ndi poona zithunzi zake, kupatula imodzi. Kodak Stereo, ya 1954 mpaka 1959, ndi yopepuka, thupi lake ndi la pulasitiki yolimba yofiirira, ndipo poyang'anira pake pali kamadzi ka levulo ngati ka amisiri omanga. Kamadzi kameneko ndimakasirira, chifukwa nyanja sinama: ukapendeketsa kamera pang'ono, mzere wa madzi umakuulula. Sputnik ya ku Leningrad imadya filimu yaikulu ya 120 n'kutulutsa mapeya 6 okha pa mpukutu, ndipo eni ake ambiri amayamba ndi kuimata ndi kuipaka utoto wakuda m'kati asanayambe kujambula. FED Stereo, ya ku Kharkiv chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, imayeza kuwala yokha ndi batire. Kumeneko ndiye ine ndimachita mantha, chifukwa madala a mawotchi aja akhoza kupinda sipuling'i yatsopano, koma kawaya kakafa m'kati mwa kabokosi komata sangakaukitse.

Imodzi ija ndi ya pulasitiki, ya maso anayi, ya m'zaka za m'ma 1980, yomwe msuweni wanga anaitola pamsika wa zakale n'kunditumizira mokondwa. Dzina ndisalitchule. Imaoneka yapamwamba kuposa ya malume, ana amaiopa. Inajambula mafilimu awiri, pa yachitatu chopotera chinangoti khwee n'kuyamba kuzungulira chabe. Madala atatsegula anandionetsa giya la pulasitiki lothothoka mano.

"Apa palibe cha kukonza, aphunzitsi. Mano a nkhalamba samera."

Kamera yobadwa patapita zaka 30 inafa, ya chitsulo idakayenda. Ili pa shelefu, mdzukulu amaseweretsa.

Mnyamata wa maukwati uja anandifunsanso funso lina labwino: bwanji osangojambula ndi foni kawiri, koyamba utatsamira mwendo wamanzere, kachiwiri wamanja? Zimatheka ndithu, ndipo ndimachita. Mtengo wa mkuyu uja wa pa mishoni, umene mbiri imati David Livingstone anakambirana pansi pake ndi Jumbe za malonda a akapolo, ndinaujambula choncho ndipo unatuluka bwino, nthambi zake zikuchita kukudutsa pamutu. Mtengo suyenda. Koma kayeseni pagombe m'mawa asodzi akamakocheza. Pakati pa kujambula koyamba ndi kwachiwiri funde lasuntha, nkhafi yatsika, mwana watembenuka, khwangwala wauluka. Maso awiri aona nthawi ziwiri zosiyana, ndipo ubongo umakana. Kamera ya malume imatsegula maso onse pa kamphindi kamodzi, n'chifukwa chake ndimapirira nayo.

Chithunzi changa chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndinajambula m'mawa wina mu Ogasiti. Ndinatchera liwiro pa 1/150, kabowo ka kuwala pa f/11, mtunda cha m'ma mapazi 15, poti kawilo kake kamawerenga mapazi. Ukatero chilichonse kuyambira mamita awiri ndi pang'ono mpaka kutsidya chimaoneka bwino, ndipo mamita awiriwo ndi malire abwino, chinthu chikayandikira kuposa apo maso amavutika kuchiphatikiza. Kutsogolo kunali thandala la usipa, pakati mnyamata akukhuthula madzi m'bwato ndi chigubu chodula, kumbuyo mabwato ena awiri ndi nyanja. Madzi amene anawaponya anaima m'mwamba. Ukayang'ana m'katoni muja dontho lililonse lili pamalo pake, ena pafupi, ena patali, ngati mikanda yopachikidwa pa ulusi wosaoneka. Kunyezimira kwa dzuwa panyanja nakonso kumachita zachilendo: diso lililonse limalandira kunyezimira kwakekwake, ndiye madziwo amathwanima ngati akuyenda, chikhalirecho ndi pepala. Zimenezi foni yanga sinandipatsepo.

Pa mpukutu womwewo mapeya asanu ndinawononga ndekha. Atatu ndinaiwala kupota filimu, ndiye azakhali ali m'kati mwa bwato limodzi ndi mbuzi. Limodzi ndinaiwala kukoka shata, ndinadina batani osamva kanthu mphindi yabwino n'kudutsa. Lina chala changa chinaphimba diso lamanja. Pa zaka zisanu zimenezi, ndikawerenga zithunzi zowonongeka, zanga n'zambiri kuposa za kamera.

Ndiye kwa iwe mphwanga wa maukwati, ndi wina aliyense amene waiona pa intaneti mtima n'kudumpha: ukwati wa munthu usakajambulire imeneyi, mkwatibwi sadzabwerezanso kulowa m'tchalitchi chifukwa iwe unaiwala kukoka shata. Koma ngati n'zokonda zako, gula yachitsulo yopanda batire. Uuze wogulitsayo atsegule kumbuyo, ailozetse kowala, akujambulire kavidiyo akuidina pa liwiro lililonse, uone ngati maso onse akuphethira limodzi ndiponso ngati timabowo tikufanana. Aunike m'magalasi ndi tochi uone chuku. Ngati chilipo m'galasi limodzi lokha n'kukhala kuti chadya kale galasilo, isiye, ngakhale mtengo utsike bwanji. Ndipo usanatumize ndalama, yamba wapeza kumene uzigula filimu ndi munthu wa manja odekha amene angaitsegule. Madala athu a mawotchi maso ayamba kuwavuta, ndipo mwana wawo amakonza mafoni.

Mufiriji mwatsala mafilimu anayi, m'chitini cha majarini, pafupi ndi nsomba za mayi a kunyumba. Imodzi ndaisungira ulendo wa ku mtsinje wa Bua, m'nkhalango ya Nkhotakota, komwe anabweretsako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017. Vuto n'lakuti kamera imeneyi imaonetsa kuya kwa zinthu zapafupi zokha, chinthu chikatalikira kwambiri chimaoneka phwatalala ngati pa chithunzi wamba. Kuti njovu ituluke mmene ndikufunira iyenera kukhala pa mamita osakwana 10. Ndawauza amayi zimenezi, ndipo andiuza kuti ndisiye kiyi wa sutikesi ndisananyamuke.